Chimene France ikukakamirira New Caledonia

Mwafunsa chifukwa chake France sikufuna kusiya zilumba zakutali ngati New Caledonia. Achimwene, nkhani yagona pa nickel wa ku New Caledonia, mtapo wofunika popanga mabatire a galimoto zamagetsi, ndipo China imagula wochuluka zedi. Zilumbazi zitati zadziimira pazokha, woyamba kuodira pakhomo angakhale ndani?

Zipolowe zitabuka ku Nouméa, likulu la New Caledonia, mu Meyi 2024, masitolo akuyaka, France inatseka TikTok kumeneko n'kuloza chala Azerbaijan kuti ikukolezera moto. Mbendera za Azerbaijan zinkaonekadi pazionetsero. Komatu zoti mkwiyo wonsewo unachokera kunja, ine ndiye ayi. Anthu a mtundu wa Kanak, omwe ndi eni nthaka, ankakana lamulo lowonjezera obwera m'kaundula wa ovota, ndipo referendamu ya 2021 ya ufulu wodzilamulira anali atainyanyala kale.