Baji ya Keyala ya agogo: mungaizindikire bwanji?

Mayi wina watilembera pa imelo kuti posesa m'nyumba ya malemu agogo ake aamuna anapeza baji yachitsulo m'kachitini ka fodya. Akuti ili ndi lipenga, pamwamba pali chisoti chachifumu, ndipo yada. Akufunsa ngati ndi ya Keyala, ya chaka chiti, komanso ngati aipukute ndi Brasso, mankhwala owalitsira mkuwa.

Mayi, tiyambe ndi funso lomalizalo chifukwa ndilo loopsa. Musaipukute. Brasso amadya mkuwa pang'onopang'ono, timizere ta chisoti n'kufafanizika, pamene timizereto ndi timene timatiuza zaka za baji. Kuda kumene mukukuonako si litsiro ayi, ndi ukalamba wa chitsulo, ndipo otolera mabaji amakulemekeza. Tengani madzi ofunda, sopo pang'ono ndi mswachi wofewa, tsukani mopepuka, kenako muumitse bwinobwino. Pakakhala zobiriwira m'makona, zichotseni ndi kamtengo kotokosera m'mano, osati singano. Viniga ndi mandimu ayi, amasiya mkuwa uli wofiirira.

Lipenga lokhala ndi zingwe ndi chizindikirodi cha King's African Rifles, gulu lomwe makolo athu ankalitcha Keyala. Linakhazikitsidwa pa 1 Januwale 1902, ndipo linagawidwa m'timagulu totchedwa mabataliyoni; bataliyoni yoyamba ndi yachiwiri zinali za ku Nyasaland. Koma lipenga lokha silikwanira, popeza magulu ambiri a nkhondo a ku Britain analinso ndi lipenga pa baji. Funani mawu a dzina la gululo kapena zilembo za KAR, ndiponso nambala ya bataliyoni.

Pa nambala m'pamene ambiri amasokonezeka. Mabataliyoni a ku Kenya, Uganda ndi Tanganyika ankagwiritsa ntchito manambala a Chiarabu. Nambala 6 ya Chiarabu imaoneka ngati 7 yathu, 4 imaoneka ngati 3 woyang'ana kumbuyo, pomwe 5 ndi kozungulira ngati ziro. Mukaona kooneka ngati 7, musathamangire kunena kuti ndi bataliyoni ya 7. Mwina ndi ya 6, ya ku Tanganyika. Izi sizitanthauza kuti si ya agogo. Pa nkhondo asilikali ankasamutsidwa, ankasinthananso mabaji ndi anzawo.

Tsopano yang'anitsitsani chisoti. Cha mafumu, chomwe chinagwira ntchito kuyambira 1902 mpaka 1952, n'chozungulira pamwamba ngati chiphika chovundikira. Cha Mfumukazi Elizabeth II, kuyambira 1953, n'cholowa pakati pomwe pakhala kamtanda, mbali ziwirizo n'kutukumuka. Choncho ngati agogo anamenya nkhondo ku Burma mu 1944, chisoti chiyenera kukhala chozungulira chija. Cholowa pakati ndi cha zaka zomalizira, dziko lisanalandire ufulu mu 1964, pamene bataliyoni yoyamba inasanduka Malawi Rifles.

Itembenuzeni. Kumbuyo kumanena zoona kuposa kumaso. Baji yodindidwa ku fakitale imakhala yopyapyala, ndipo chithunzi chonse chimaonekanso kumbuyo molowa m'kati, mizere ili yakuthwa. Yothiridwa m'chikombole cha mchenga imalemera, kumbuyo kwake n'kokhakhala, kuli timaenje ting'onoting'ono. Apa pafunika kusamala, chifukwa ena akaona kukhakhalako amangoti ndi yabodza. Si choncho nthawi zonse. Pa nthawi ya nkhondo katundu wochokera ku Britain ankachedwa, ndiye mabaji ambiri ankathiridwa ndi amisiri konkuno ku Africa kapena ku India, ndipo ndi enieni ndithu. Chokayikitsa ndi baji yokhakhala koma yopanda kutha paliponse. Yomwe msilikali ankaipukuta m'mawa uliwonse imaperepeseka pamalo otukumuka, ngati pakamwa pa lipenga ndi pansonga pa chisoti.

Onaninso zomangira. Nthawi zambiri pamakhala timphete tiwiri tolowetsamo kapini, kapena kachitsulo kaphanthi kotsetsereka m'chipewa. Pomwe anawotcherera payenera kukhala pakuda mofanana ndi baji yonse. Mtovu wowala umasonyeza kuti anakonzapo posachedwa. Musapinde kachitsuloko poyesa kulimba kwake, kamathyokera pomwe anawotcherera. Maginito sagwira mkuwa, ndiye akaigwira muikayikire.

Baji simakhala ndi dzina la mwini wake. Ngati m'kachitinimo mulinso mendulo, werengani m'mphepete mwake. Za nkhondo ya 1914 mpaka 1918 zinkadindidwa nambala, udindo, dzina ndi gulu la msilikali, pomwe za nkhondo yachiwiri zambiri zinaperekedwa zopanda dzina. Nambala imeneyo, kapena kabuku kotulukira usilikali, ndiyo imalumikiza baji ndi munthu, choncho musazilekanitse.

Posunga, ikulungeni m'kansalu kouma ka thonje, osati m'pulasitiki yofewa, yomwe imabweretsa zobiriwira zija. Lembani papepala dzina la agogo, mudzi wawo ndi zonse zomwe akuluakulu a m'banja akukumbukira, muike pamodzi. Mukatitumizira zithunzi, jambulani kumaso ndi kumbuyo panja pamthunzi, rula ili pambali.