Usasiye sukulu chifukwa cha gulu la kalasi

Mng'ono wanga, zosiya sukulu chifukwa anzako akuseka zithunzi zako, ayi, ndakana. Ndikulemba mtima ukundiwawa chifukwa ine zinandionekera ndili chaka choyamba, mu 2023, chaka chija kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November, katundu yense n'kukwera. Kandalama kamene amayi ankatumiza pa foni kuchokera ku Kasungu kankathera lendi ndi ufa. Koma ukatsegula Instagram, anzako lero ali ku Gateway Mall, mawa kunyanja ku Salima, tsitsi latsopano sabata iliyonse. Umayamba kudziona ngati wosauka ndiwe wekha pa kampasi yonse.

Loweruka lina ndinapita ku msika wa Tsoka ndi mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, munthu wodya naye mbale imodzi. Ndawerama pa mulu wa kaunjika, ndakweza diresi kuti ndilione bwino, osadziwa kuti akundijambula. Ndinalichapa, kulisita, Lamulungu kuvala ku tchalitchi, n'kuika pa status. Lolemba m'mawa ndikulowa m'kalasi, anthu maso pa foni, kenako pa ine, kenako phwete. Mnyamata wina kumbuyo anakuwa kuti "ndi zingati limenelo asisi?" Ndinakhala pansi manja akunjenjemera, kutsegula WhatsApp. Mnzanga uja anali ataphatikiza zithunzi ziwirizo, kuziika pa gulu la kalasi n'kulemba kuti slay queen wa pa kaunjika. Aphunzitsi akuphunzitsa, ine sindikumva kanthu, makutu ali ng'wii. Pofika masana wina anali atapanga kale sitika. Status imafufutika pakatha maola 24, koma sitika anthu amasunga, inafika mpaka pa gulu lathu la mapemphero. Ndinasiya kupita kodyera, ndinkadya usiku kuchipinda, ndipo kalilole ndinkamuzemba.

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti mtsikanayo nsapato zake zonse ankagula pomwepo pa Tsoka! Ndi ine ndinkamubwereka sopo. Nditamufunsa anangoti "zocheza chabe, iwenso usamatenge zinthu pamtima." Zocheza? Admin wa gulu naye anaika nawo emoji yoseka m'malo mochotsa. Nditakadandaula kwa akuluakulu a pasukulu anati ndi zachibwana, tikakambirane tokha. Anthu amenewa amanyoza mnzawo kuti iwo aoneke apamwamba, chonsecho foni imene akujambulira ndi ya ngongole, ena akulipira katapila mwezi ndi mwezi.

Ndiye iwe usawalabadire, vala chimene uli nacho, yenda mutu uli m'mwamba. Komabe ku Tsoka uzipita wekha m'mamawa, ndipo chovala chatsopano usamachiike pa status sabata yomweyo, anthu ndi oipa. Instagram ichotse kaye mwezi umodzi, bandulo imeneyo ugulire ndiwo. Gulu la kalasi lokha usatulukemo, manotsi ndi timetable zimabwera momwemo, ungolichita mute. Sunga ma screenshot onse okhala ndi tsiku ndi nambala. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limati kuzunza munthu pa intaneti ndi mlandu, ukhoza kupita nawo ku polisi. Kwa akuluakulu a pasukulu pitanso, koma utenge munthu wamkulu wokuperekeza, usapite wekha. Ndipo amayi ako auze lero lomwe, asamve kwa anthu kuti sukulowa m'kalasi.