Agogo anali msilikali wa KAR komanso mlimi: mbiri yawo muyambire pati?

Mwandilembera kuti posachedwapa mukuvundukula chiliza cha agogo anu, koma zomwe mukudziwa n'zakuti anapita kunkhondo, n'kubwerako kudzalima. Funso lanu landikhudza, chifukwa anthu otere tikuwakwirira limodzi ndi mbiri yawo.

Yambani ndi mamendulo. Asilikali a King's African Rifles (KAR), gulu lankhondo la atsamunda a ku Britain, ochokera ku Nyasaland anamenya nkhondo ku Abyssinia (Ethiopia ya lero) mu 1941, ku Madagascar mu 1942 ndi ku Burma mu 1944, ena n'kupitanso ku Malaya cha m'ma 1952. Mendulo yooneka ngati nyenyezi yolembedwa Burma Star ikuuzani kumene anafika, koma nthawi zambiri ilibe dzina. Mendulo ya ku Malaya ndiyo imakhala ndi dzina ndi nambala ya usilikali m'mphepete mwake. Nambalayo ilembeni, muitenge popita ku National Archives ku Zomba. Musakweche mendulo ndi phulusa kapena mchenga, mufufuta zilembo. Mapepala akale musawamate pulasitiki yotenthetsa, sadzamatukanso. Ajambuleni pamthunzi.

Koma pali chimene chimandipweteka pa miyambo yotereyi. Munthu anavala yunifomu zaka zisanu, n'kugwira khasu zaka makumi asanu, koma wowerenga mbiri amathera mphindi khumi pa Burma, ulimi n'kuupatsa mawu awiri: "analinso mlimi". Ayi ndithu. Khasu limenelo ndilo linalera ana ndi kulipira fizi. Anapulumutsa bwanji banja pa njala ya 1949? Nanga m'nthawi ya malimidwe, pamene boma la atsamunda linkalipiritsa anthu chindapusa chifukwa cha mizere, munthu wozolowera kumvera lamulo la sajeni anaima mbali iti? Ankadzaza nkhokwe zingati? Ngolo yoyamba anagula ndi ndalama ya fodya kapena ya mtedza? Ngati kwanu kuli malipenga kapena beni, funsaninso ngati ankavina, poti magule amenewa anatengera perete wa asilikali.

Pofunsa, pitani kwa achemwali awo kapena azakhali anu aakulu, mmodzimmodzi, chifukwa pagulu wamkulu akayankhula ena amangovomera. Jambulani mawu pafoni, osapitirira mphindi 40. Musafunse kuti "chinali chaka chanji". Funsani kuti "zinachitika njala isanagwe kapena itadutsa, ufulu wa 1964 usanabwere kapena utabwera", chakacho muwerengera nokha. Awiri akasiyana mawu, lembani zonse ziwiri ndi dzina la amene wanena.