Lole ya 2011 ku London: kuphwasulitsa, kugulitsa kapena kutumiza kumudzi?

Achimwene, funso lanu lamveka. Muli ndi DAF LF ya matani 7.5 ya chaka cha 2011, mumasamutsira anthu katundu mu London, tsiku lililonse mukatuluka mukulipira £100, ndiye mwamva kuti boma limapereka ndalama kwa amene wapereka galimoto yakale kuti iphwasulidwe. Mukufunsa ngati mudikire ndalamazo kapena muikweze sitima ipite kumudzi.

Musadikire. Thumba lomaliza linatsekedwa, ndipo ngakhale pomwe linali lotsegula, lole ngati yanuyo sinkalowamo. Ndondomeko yomwe anthu ambiri amaikumbukira ndi ya Transport for London (TfL), bungwe loona za mayendedwe mu London, yomwe inayamba pa 30 Januwale 2023 ndi £110 miliyoni, kenako n'kuwonjezeredwa mpaka £210 miliyoni. Inali ya magalimoto ang'onoang'ono, njinga zamoto, mavani ndi maminibasi. Mwini vani ankalandira £7,000 akaiphwasulitsa, kapena £9,500 akagula yamagetsi m'malo mwake. Anasiya kulandira mafomu mu Seputembala 2024. Ya malole akuluakulu inalipo mu 2020, £15,000 pa galimoto imodzi, koma ndalama zake zinali zochepa moti inatsekedwa patangopita milungu yowerengeka. Munthu akakuuzani lero kuti akulembetsani ku "scrappage ya boma" mukamupatsa kangachepe, dziwani kuti akufuna kukudyerani.

Chimene chikukudulani £100 si ULEZ, ngakhale aliyense amangotchula dzina limenelo. ULEZ ndi ndondomeko yolipiritsa £12.50 pa tsiku magalimoto otulutsa utsi woipa osapitirira matani 3.5. Yanuyo ili pansi pa LEZ, ndondomeko ya utsi ya magalimoto akuluakulu, yomwe kuyambira pa 1 Malichi 2021 imafuna kuti lole ikhale Euro VI pa muyezo wa kuyera kwa utsi. Ya 2011 ndi Euro V, n'chifukwa chake mumalipira £100. Ikanakhala yosafika Euro IV bwenzi mukulipira £300. Tsiku amaliwerenga kuyambira pakati pausiku kufika pakati pausiku winawo, choncho ntchito yoyamba 10 koloko usiku n'kutha 1 koloko m'bandakucha ndi masiku awiri, £200. Ikangokhala pamalo osayenda simulipira. Msewu wa M25 wozungulira London suli m'dera la LEZ, koma mukangopatuka n'kulowa m'deralo kamera yakuwerengani nambala.

Tengani cholembera. Masiku 5 pa mlungu ndi £500. Milungu 48 pa chaka ndi £24,000. Ndalama imeneyo ikuposa zomwe boma linkapereka ngakhale panthawi yomwe thumba linalipo, ndipo apa ndi pomwe eni malole akale anapwetekera. Kampani yaikulu imasintha malole ake pakapita zaka zochepa, lamulo linaipeza ili kale ndi Euro VI. Amene anatsala ndi munthu wa lole imodzi, yemwe anagula yogwiritsidwa kale ntchito, n'kuimaliza kulipira, ikuyenda bwinobwino. Lamulo litafika, ogula a mu London anasiya kuifuna, pomwe ya Euro VI aliyense akuithamangira. Ndalama yophwasulitsira sinkakwana kugula ina, inkangochepetsa bala. Inali ndi zokhoma zake: galimoto ikhale yoti mwakhala nayo miyezi 12 ndondomeko isanayambe, ikhale ndi inshuwalansi, MOT (chiphaso choti galimoto ili bwino) ndi msonkho wa pamsewu, ndipo musaiphwasulitse asanakuvomereni. 

Ena akuuzani kuti muikonzetse utsi kuti ifike pa Euro VI. Zimatheka pokhapokha zida zake zili zovomerezedwa ndi ndondomeko ya CVRAS pa mtundu weniweni wa injini yanu, ndipo zida zambiri zovomerezedwa ndi za mabasi ndi malole onyamula zinyalala. Pa lole ya zaka zoposa khumi, mtengo wake kawirikawiri umaposa mtengo wa galimotoyo. Ine njira imeneyi sindingakulimbikitseni. Kuthawira mizinda ina nakonso sikuthandiza kwenikweni: Birmingham, Bradford ndi Sheffield amadula £50 pa tsiku, Bristol ndi Bath £100, pomwe m'katikati mwa mizinda ya Glasgow ndi Edinburgh palibe zolipira n'kulowa, mukalowa ndi chindapusa basi.

Ngati ntchito yanu ndi ya mu London, ganizirani zotsikira ku vani ya bokosi yotchedwa Luton, ya matani 3.5 ya Euro 6, yomwe nthawi zambiri ndi ya Seputembala 2016 kupita mtsogolo. Simulipira LEZ kapena ULEZ, ndipo pa ntchito ya mkati mwa dziko simufunikanso O-licence, laisensi yochitira bizinesi ya malole. Choipa chake n'chakuti imanyamula pafupifupi tani imodzi yokha ikakhala ndi tail-lift (chikepe chokwezera katundu kumbuyo), moti nyumba yomwe munkaisamutsa ulendo umodzi ifuna maulendo awiri kapena atatu. Musaidzaze mopyola poyesa kufanana ndi DAF ija, a DVSA, oyendera magalimoto pamsewu, amaimitsa mavani amenewa n'kuwakweza pa sikelo. Musanalipire, lembani nambala yake pa tsamba la TfL muone ngati ikudutsa. Mawu a wogulitsa okha asakukwanireni.

Tsopano za kumudzi. Chiwongolero chili kumanja ngati kwathu, ndipo malole ochokera ku UK ndi odziwika m'misewu ya ku Malawi, choncho maganizo anuwo si achilendo. Koma lowani kaye pansi pa lole ndi tochi ndi kanyundo. Misewu ya kuno amaithira mchere nyengo yozizira, ndipo dzimbiri limadya chasisi kuchokera mkati. Gogodani pomwe pamangidwa masipuling'i, zitsulo zopingasa za kumbuyo pafupi ndi tail-lift, pansi pa bokosi la mabatire, ndi matanki a mpweya wa mabuleki. Chitsulo chabwino chimalira ngwee, chodyeka chimalira phuu n'kugwetsa makoko. Mukapeza makoko oterowo pa chasisi penipeni, musawononge ndalama ya sitima. Katundu wa kumudzi ndi matumba a chimanga, simenti ndi feteleza pa msewu wa mabampu, chasisi yodyeka imathyoka.

Chachiwiri ndi AdBlue. DAF LF ya Euro V imayeretsa utsi pothira madzi amenewa mu ekizozi, pafupifupi malita 5 pa malita 100 a dizilo. Ndi urea wosungunulidwa m'madzi oyera kwambiri, 32.5 peresenti. Tanki ikauma, kapena sensa ya NOx (yoyeza utsi) ikafa, kapena kampopi kothira kakatsekeka ndi timiyala toyera ta urea wouma, kompyuta imachepetsa mphamvu ya injini. Lole yodzaza imayamba kukwawa pa chitunda, dalaivala n'kumaganiza kuti pampu ya mafuta yafa. Vuto lalikulu limabwera wina akaganiza zosungunula feteleza wa urea m'madzi a pa mjigo n'kuthira m'tankimo: mchere wa m'madziwo umapha pampu ndi catalyst, zida zodula kwambiri. N'chifukwa chake amakaniko ambiri kwathu amakonda malole akale a Euro 3 opanda zimenezi. Mukasankha kutumiza, gulani kuno sensa ya NOx yapadera, mafyuluta a mafuta ndi a AdBlue, ndi katiriji ya air dryer, ndipo amene akaiyendetse adziwiretu komwe azikagula AdBlue weniweni. Kabokosi konamiza kompyuta kuti AdBlue alimo musakaike lole ikadali kuno. A DVSA akakapeza, nkhani imakafika kwa Traffic Commissioner, mkulu wopereka malaisensi a malole, ndipo laisensi yanu ikhoza kupita.

Kutumiza kwake ndi kwa RoRo, lole imalowa m'sitima ikuyenda yokha, kuchokera ku madoko ngati Southampton kapena Tilbury kupita ku Dar es Salaam, Durban kapena Walvis Bay. Amalipiritsa potengera kukula kwake, utali, mulifupi ndi msinkhu, ndiye bokosi lalitali la katundu limakudyerani ndalama. Funsani mtengo uli ndi bokosi komanso litachotsedwa, poti kumudzi ambiri amakaikanso bodi yotsegula. Iyenera kulira ndi kuyenda. Galimoto yakufa a Environment Agency akhoza kuitenga ngati chinyalala n'kuiletsa kutuluka. Musasiye wailesi, jeki kapena masipeya poonekera mu kabu, zimasowa pa doko. Masipeyawo tumizani padera.

Musanalipire sitima, tumizani chithunzi cha V5C, buku la galimoto, kwa clearing agent wovomerezeka ndi MRA akuwerengereni msonkho wonse polemba. Wonjezeranipo za pa doko, mafuta ndi dalaivala kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Songwe, inshuwalansi ya panjira, ndi kulembetsa ku Road Traffic. Chiwerengero chimenecho muchiyerekeze ndi mtengo womwe lole yofanana nayo ikugulitsidwa ku Lilongwe kapena Blantyre. Kusiyana kukakhala kochepa, gulitsani kuno kwa ogula malole otumiza kunja, ndalamayo ikhale poyambira vani. Amenewa amayang'ana injini, giyabokosi ndi chasisi, za LEZ alibe nazo ntchito, choncho kawirikawiri amapereka zoposa wa zitsulo zakutha. Funsani atatu, musagwirizane ndi woyamba.

Njira iliyonse yomwe mwasankha, mapepala ndiwo amavutitsa anthu pambuyo pake. Mukatumiza nokha, dzazani gawo la permanent export pa V5C mutumize ku DVLA, ofesi yolembetsa magalimoto ku Swansea, buku lotsalalo lipite ndi lole chifukwa likafunika polembetsa kumudzi. Msonkho wa pamsewu wa miyezi yathunthu yotsala akubwezerani. Mukaphwasulitsa, pitani kwa amene ali pa mndandanda wa ophwasula magalimoto ovomerezeka (Authorised Treatment Facility), muwapatse V5C koma musunge kagawo kachikasu, ndipo muuze DVLA nokha. Kupanda kutero chindapusa chake chimafika £1,000. Wa zitsulo zakutha akafuna kukupatsani kashe, bwererani: lamulo la 2013 limaletsa zimenezo ku England ndi Wales, ndalama iyenera kudzera ku banki kapena pa cheke. Tsitsani zonse za mu tachograph, kachida kolemba maola oyendetsa, lole isanachoke m'manja mwanu, ichotseni pa O-licence ndi pa Auto Pay ya TfL, ndipo matulani dzina la bizinesi ndi nambala ya foni pa zitseko. Inshuwalansi muimitse pomaliza, lole itafika kale pa doko kapena pa geti la wogula.