Mchere m'munda wa mthirira: kodi yisiti angauchotse?

Alimi angapo afunsa kuti: "Nthaka yathu yayamba kuyera pamwamba ngati phulusa, ndipo mbewu zikufota ngakhale tikuthirira. Tamva kuti pali yisiti wokhala mumchere. Titamuthira m'munda, angatichotsere mcherewo?"

Yisiti ameneyo alipodi, alimi anzanga. Wina wakuda, wotchedwa Hortaea werneckii, amapezeka m'maiwe opangira mchere ku Slovenia, ndipo amakula m'madzi amene mchere wake wafika 30 peresenti, pomwe madzi a m'nyanja zikuluzikulu zamchere amangokhala ndi 3.5 peresenti.

Mchere umakoka madzi. Ukachuluka kunja kwa selo (kachipinda kakang'ono kwambiri kopanga thupi la chamoyo), selolo limauma, ndipo n'chifukwa chake mbewu zanu zikufota nthaka ili yonyowa: mizu ikulephera kuyamwa madzi. Yisitiyu amapanga glycerol (timadzi tonanda tokoka madzi) wambiri m'kati mwake kuti madzi asathawe. Luso lake lina lili pa kachikopa kokuta selo. Amasintha mafuta opanga kachikopako, n'kuchulutsa mafuta osagwirana msanga, kuti kakhalebe kofewa. Kakakhala kofewa, timapampu tokhala mmenemo timatha kutulutsa sodium (chimodzi mwa zinthu zopanga mchere) amene walowa. Utoto wakuda wa pakhoma la selo umathandizanso kuti glycerol asadonthe. Ine zimandigometsa kuti kanthu kosaoneka ndi maso kamachita zonsezi.

Koma taonani: mcherewo amaukankhira kunja, sauchotsa. Mukamuthira m'munda, iye apulumuka, mchere n'kutsala pomwepo. Musataye ndalama.

Chochotsa mchere ndi madzi abwino otsikira pansi kupitirira mizu, n'kupeza potulukira. Choncho yambani ndi ngalande. Popanda ngalande, madzi amakwereranso pamwamba, dzuwa n'kuwaumitsa, mchere n'kutsala. Kuthirira pang'onopang'ono kongonyowetsa pamwamba kumakulitsa vutoli, ndiye nthawi zina thirirani mokwanira kuti mchere utsukike. Phimbirani nthaka ndi mapesi kapena udzu.

Pimitsani nthaka ndi madzi omwe. Nthaka ikafika 4 dS/m (muyezo wa kuchuluka kwa mchere), imawerengedwa kuti ndi yamchere. Nyemba zimayamba kuchepa zokolola pa 1.0, chimanga pa 1.7, pomwe thonje limapirira mpaka 7.7. Ngati zotsatira zasonyeza kuti sodium ndiye wachuluka, nthaka yolimba yosalowa madzi, thirani gypsum (ufa woyera wokonzera nthaka) kaye musanayambe kutsuka.