Kodi bungwe lingaphunzitse munthu wamkulu khalidwe?

Mayi wina yemwe ndi mphunzitsi wamkulu wandilembera imelo. Akuti bungwe lina losafuna phindu lapempha kudzachititsa maphunziro kwa aphunzitsi awo pa nkhani ya kusankha zoyenera, koma iwo akukayika. Akufunsa kuti munthu wamkulu, woleredwa ndi makolo, wopemphera, angaphunzitsidwenso chiyani za khalidwe? Nanga khalidwe akufuna kuphunzitsalo ndi la yani?

Mayi, ndiyambe ndi funso lachiwirili. Mabungwe otere ambiri amayambira pa mfundo yoti pali makhalidwe amene anthu a mitundu ndi zipembedzo zonse amagwirizana. Rushworth Kidder, mtolankhani wa ku America amene anayambitsa Institute for Global Ethics mu 1990, anacheza ndi anthu a mayiko osiyanasiyana ndipo anapeza kuti zinthu zisanu zimangobwerabwera: kuona mtima, udindo, ulemu, chilungamo ndi chifundo. Josephson Institute of Ethics, yomwe Michael Josephson anakhazikitsa mu 1987, ili ndi mfundo zisanu ndi imodzi zofanana ndi zimenezi. Mu 1993 atsogoleri a zipembedzo anasonkhana ku Chicago n'kuvomereza chikalata cha makhalidwe a onse, chomwe Hans Küng, katswiri wa maphunziro a zaumulungu wa ku Switzerland, anatsogolera kulemba. Mukaziyang'ana zonsezi, palibe chimene agogo anu akanachikana.

Ndiye mukunena zoona, aphunzitsi anu amadziwa kale kuti kuba n'koipa. Bungwe lobwera kudzawauza zimenezo likungowatayitsa nthawi.

Phindu lenileni lili pena. Kidder ankanena kuti zisankho zosowetsa tulo ndi zimene chabwino chikulimbana ndi chabwino chinzake, ndipo anatchula mitundu inayi: choonadi ndi kukhulupirika kwa mnzako, munthu mmodzi ndi gulu, zalero ndi zamtsogolo, chilungamo ndi chifundo. Taganizani mphunzitsi amene wagwira mwana akubera mayeso, kapepala kali m'manja. Mwanayo amamudziwa bwino: mayi ake ali chigonere, ndiye akulera abale ake, ndipo m'kalasi amangosinza. Lamulo likuti alephere, ndipo anzake amene anawerenga usiku akuyang'ana kuti aone chichitike. Mtima ukuti akalephera sabweranso kusukulu. Mphunzitsi ameneyu amaleredwe ali nawo. Chimene akusowa ndi anzake oganiza nawo, ndiponso mafunso oti adzifunse asanagamule: ndani apwetekedwa ndi chisankho changa? Ndingafune kuti aphunzitsi onse azichita zomwezi? Ndikanakhala mwanayo, kapena mnzake wokhala pambali pake, ndikanafuna zotani? Kodi palibe njira yachitatu, monga kumulanga koma n'kumupatsa mwayi wolembanso? Ine ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti zimenezi zimaphunzirika, ndipo amene anazikambiranapo m'malo odekha sanjenjemera kwambiri tsikulo likafika.

Choncho musawakane, koma afunseni kaye. Kodi aphunzitsi azidzakambirana nkhani zenizeni za pantchito yawo, kapena azidzangomvetsera munthu akuwerenga? Adzabweranso maphunziro akatha? Ndalama zawo amazitenga kuti, ndipo angakuonetseni lipoti la mmene amazigwiritsira ntchito? Bungwe lophunzitsa kuona mtima likamazemba funso lomalizali, ine sindingalilole kulowa m'kalasi. Akakuyankhani bwino, apempheni kuti tsiku loyamba aphunzitsi abweretse nkhani zawo, osatchula mayina a ana, ndipo inu mubweretsenso yanu.