Laputopu yatsopano ya Linux: funsani zam'kati musanatulutse ndalama

Bambo wina wa ku Lilongwe watitumizira imelo. Wakhala akugwiritsa ntchito Linux Mint pa laputopu yakale imene batire yake yatheratu, ndipo akufunsa kuti: "Ndikufuna kugula yatsopano yolembera mapulogalamu komanso yochitira misonkhano ya pa vidiyo. Ndigule ya kampani iti kuti Linux iziyenda bwinobwino?"

Zikomo bambo. Dzina la kampani limathandiza, koma silokwanira. Malaputopu awiri a dzina limodzi, ochokera m'sitolo imodzi, amatha kukhala ndi makadi a Wi-Fi osiyana, ina n'kumayenda ina n'kumavuta. Linux imayang'ana tizipangizo tam'kati, ndiye inunso muyang'ane komweko.

Yambani ndi Wi-Fi, chifukwa ikakana ndiye kuti simungathe ngakhale kutsitsa chokonzera vutolo. Makadi a Intel monga AX200 ndi AX210 ndi amene timawadalira: driver wake (pulogalamu yoyendetsa kadiyo), iwlwifi, amabwera kale mu kernel, yomwe ndi phata la Linux. A MediaTek ngati MT7921, omwe amapezeka kwambiri m'malaputopu a AMD, amayenda pa kernel yatsopano. A Broadcom ndi ena a Realtek ndi amene amadwalitsa mutu, mwina kufuna driver wapadera, mwina kudukaduka. Ubwino wake ndi wakuti m'malaputopu ambiri kadiyi imachoka. Imakhala pa kasiloti ka M.2 2230, yomangidwa ndi sikuluu imodzi ndi timawaya tiwiri ta eriyo, ndipo mutha kuikapo AX210. Musagule AX201 kapena AX211 ngati purosesa yanu ndi ya AMD, chifukwa makadi amenewo amagwira ntchito ndi purosesa ya Intel basi.

Chachiwiri ndi kadi ya zithunzi. Pa ntchito imene mwatchulayi, yam'kati mwa purosesa ya Intel kapena AMD ndi yokwanira, ndipo ma driver ake ndi otseguka, safuna kuikidwa padera. Kadi ya Nvidia muigule pokhapokha ngati mukufunadi CUDA (njira ya Nvidia yochitira mawerengero aakulu pa kadiyo) kapena masewera olemera. Imayenda, inde, koma imadya batire, ndipo Secure Boot (chitetezo choletsa mapulogalamu opanda siginecha yovomerezeka poyatsa kompyuta) ikakhala yoyatsa, driver wake amafunika kusainidwa. Pa Mint mumafunsidwa mawu achinsinsi, kenako mukayatsanso kompyuta pamabwera sikirini yabuluu ya MOK yoti muvomereze kiyi. Ambiri amangoidumpha, n'kudabwa kuti driver sakugwira.

Popeza mwatchula misonkhano, samalani kwambiri ndi kamera. Makamera a masiku onse a m'malaputopu amalumikizidwa ngati chipangizo cha USB ndipo amangoyaka. Koma malaputopu ena opyapyala okwera mtengo a Intel, kuyambira purosesa za m'badwo wa 11 ndi 12, ali ndi kamera ya mtundu wina, wa MIPI, yodalira IPU6, kachipangizo ka Intel kokonza zithunzi. Driver wa IPU6 analowa mu kernel 6.10, komabe zimatengeranso sensa imene aikamo, ndipo nthawi zina chithunzi chimatuluka chamdima kapena osatuluka n'komwe. Kamera ikaoneka pa lsusb (lamulo lolemba mu Terminal loonetsa zipangizo za USB), mtima ukhale m'malo.

Apa tinenenso za msinkhu wa kernel, nkhani imene anthu ambiri saiganizira. Linux Mint 22 inamangidwa pa Ubuntu 24.04 ndipo inatuluka ndi kernel 6.8. Debian 12, mtundu winanso wa Linux, ili ndi 6.1. Laputopu imene yangotuluka kumene ikhoza kukhala ndi purosesa kapena chipangizo cha mawu chimene kernel yoteroyo sikuchidziwa. N'chifukwa chake ife timalangiza kugula mtundu umene watha chaka pamsika: mavuto ake amakhala atapezeka n'kukonzedwa, mtengo nawo umakhala utatsika. Mukafuna yatsopano kwambiri, Linux ya Fedora imalandira kernel yatsopano msanga, kapena pa Mint pomwepo sankhani kernel ina mu Update Manager. Malaputopu a Snapdragon X ndi a Apple a purosesa ya M asiyeni kaye. Mapurosesa ake ndi a ARM, mtundu wosiyana ndi wa Intel ndi AMD, ndipo fulashi yoikira Mint siingayambe n'komwe.

Nanga makampani? System76, Tuxedo ndi Star Labs amagulitsa malaputopu okhala ndi Linux kale, ndipo a Framework anapangidwa moti mungasinthe pafupifupi chilichonse ndi sikuludiraiva imodzi. Ndi abwino ndithu. Vuto kwa inu ndi mtunda: muwerengere ndalama yotumizira, msonkho wa MRA, komanso kuti ikawonongeka waranti yake ikufuna kuti muibweze kunja. Kwa munthu wa ku Lilongwe, Lenovo ThinkPad ya T14 kapena E14, Dell Latitude ndi HP EliteBook n'zanzeru kwambiri, chifukwa kiyibodi, sikirini ndi chaja zake zimapezeka mosavuta ndipo okonza amazidziwa. Onani ngati mtundu weniweniwo uli pa mndandanda wa Ubuntu Certified, wa makompyuta oyesedwa kale ndi Ubuntu. Lenovo ndi Dell amatumizanso firmware (pulogalamu yokhazikika m'tizipangizo) ya mitundu yambiri kudzera ku LVFS, nkhokwe ya firmware ya pa Linux, choncho BIOS (pulogalamu yoyamba kuyenda poyatsa kompyuta) yatsopano mumaiika ndi lamulo la fwupdmgr osafunika Windows.

RAM ikhale 16GB kapena kuposa. Funsani ngati ili pa masiloti a SODIMM kapena ndi yowotcherera. Ikalembedwa LPDDR5 nthawi zambiri ndi yowotcherera, simudzawonjezera. SSD ya NVMe ya 512GB ikwana. Sikirini ya mainchesi 14 ya 1920x1200 ndi yosavutitsa, pamene zokwera kuposa apa zimafuna kukuza zilembo ndi 125% kapena 150%, zomwe pa Cinnamon, desktop ya Mint, sizimatuluka bwino nthawi zonse. Ndi kuzimazima kwa magetsi, sankhani yochajira pa USB-C, kuti power bank ya 65W izitha kukupulumutsani.

Tsopano chinthu chimene tikufuna muchigwire kwambiri: musalipire musanayese. Ikani Mint pa fulashi ya 8GB pogwiritsa ntchito Ventoy kapena balenaEtcher, mupite nayo kusitolo. Poyatsa dinani F12 pa Lenovo ndi Dell, F9 pa HP, musankhe fulashiyo. Palibe chimene chimalembedwa pa disiki, ndiye wogulitsa asaope. Mufotokozereni zimenezi musanayambe. Ikayaka, lumikizani Wi-Fi ku hotspot ya foni yanu, yesani Bluetooth, imbani nyimbo pa masipika kenako pa mahedifoni, jambulani mawu, yatsani kamera, dinani mabatani owalitsira sikirini. Mu Terminal lembani lspci -nnk, muone ngati pansi pa Network controller pali mzere wa "Kernel driver in use". Pakapanda mzerewo ndiye kuti kadiyo ilibe driver.

Kenako tsekani chivindikiro, dikirani mphindi ziwiri, mutsegule. Sikirini ibwere, Wi-Fi ibwere, touchpad igwire. Lembani cat /sys/power/mem_sleep. Mukaona deep, laputopuyo imagona tulo tofa nato. Mukaona s2idle yokha (tulo topepuka), monga zilili pa zatsopano zambiri, zonse zimadalira firmware. Ikakhala yosakonzedwa bwino mudzaipeza ikutentha m'chikwama batire itatha. Zimenezi sizioneka m'mphindi ziwiri, ndiye gwirizanani ndi wogulitsa za masiku obwezera, muisiye igone usiku wonse n'kuona kuti batire yatsika bwanji.

Tsegulaninso GParted, pulogalamu yoonetsa ndi kugawa madisiki, muone ngati SSD ikuoneka. Ikasowa, kawirikawiri vuto ndi lakuti mu BIOS kayendetsedwe ka disiki kali pa Intel RST kapena VMD, ndipo muyenera kusintha kukhala AHCI. Ngati mukufuna kusunga Windows pambali, musangosintha: yambani mwasunga kiyi ya BitLocker (loko ya disiki ya Windows), muuze Windows iyambe mu Safe Mode, kenako musinthe BIOS, apo ayi Windows ikana kuyamba.

Chowerengera chala musachiikire kumtima. Tengani nambala yake pa lsusb, muiyerekeze ndi mndandanda wa libfprint, pulogalamu yoyendetsa zowerengera zala pa Linux; ikapezeka zili bwino, ikapanda kupezeka sichifukwa chosiyira laputopu yabwino.

Mukafika nayo kunyumba, ngati ndi ThinkPad, ikani TLP, pulogalamu yosamalira batire, n'kuika malire ochajira pa 80% masiku amene imakhala pa magetsi tsiku lonse. Mukadziwa kuti magetsi azima mawa, lamulo la sudo tlp fullcharge limadzaza batire mpaka 100% kamodzi kokha, osasintha malire aja.